Mawilo a kaboni opepuka: ndisankhe otani pa misewu yathu ya ku Dedza?

Wopalasa wa ku Bembeke:

Akuluakulu nonse a pabwalo lino, landirani moni. Paja amati safunsa anadya phula, n'chifukwa chake ndati ndiyambe ndafunsa kuno ndisanatulutse ndalama zimene ndakhala ndikusunga kwa chaka chathunthu.

Ndili ndi njinga ya mtundu wa gravel, yopangidwira phula ndi fumbi lomwe, imene ndinagula kwa munthu wina zaka ziwiri zapitazo. Felemu yake ndi ya aluminiyamu, mabuleki ake ndi a disc (ogwira pa kambale kachitsulo ka pakati pa wilo), kumbuyo ili ndi magiya 11 a Shimano, ndipo mawilo ake ndi a 700c. Tsiku lina ndinavula matayala, ndinachotsanso magiya ndi madisc, n'kuika mawilo okhaokhawo pa sikelo ya m'golosale ya alamu anga, ndipo awiriwo analemera pafupifupi magalamu 1,900. Ine mwiniwakene ndimalemera makilogalamu 70.

M'kati mwa sabata ndimapalasa pa phula la M1, kuchokera pamphambano ya Bembeke kudutsa pa boma la Dedza mpaka ku Linthipe n'kubwerera. Loweruka ndimakonda misewu yafumbi ya cha ku Chongoni, ndipo kamodzi pa mwezi, ndikaona kuti miyendo ili bwino, ndimatsetsereka msewu wa Khwekhwerere kukafika ku Golomoti, kenako n'kuukweranso. Mtunda wa pobwererawo ndi umene wandipatsa maganizo a mawilo a kaboni, chifukwa pofika pa makona a kumtunda ndimamva ngati ndakweza munthu pa kaliyala.

Pa intaneti ndapeza mitundu itatu imene ndalama zanga zingafikire. Oyamba ndi opepuka zedi, magalamu 1,150, limu lake ndi lakuya mamilimita 30, m'kati mwake ndi motambalala mamilimita 21, ndipo masipoko ake nawonso ndi a kaboni, 20 pa wilo lililonse. Achiwiri ndi a magalamu 1,350, akuya 40, m'kati 25, koma alemba kuti ndi a hookless, mawu amene sindinawamvetse bwinobwino. Achitatu ndi a magalamu 1,480, akuya 50, m'kati 23, ndipo pa chithunzi ndi amene akuoneka okongola kuposa onse.

Ndikufuna mawilo awiri okha amene ndizisinthapo matayala, a mamilimita 32 ndikakhala pa phula ndi a 40 ndikalowa m'fumbi. Msuweni wanga amene amagwira ntchito ku Johannesburg abwera mu Disembala ndipo wavomera kundinyamulira. Kodi ndithamangire opepukitsitsawo, poti vuto langa ndi mitunda, kapena pali zina zimene munthu wokhala kuno ayenera kuyamba kuziona?

Makaniko wa pa Lizulu:

Achimwene a ku Bembeke, mwachita bwino kufunsa musanalipire, chifukwa ambiri amabwera kwa ine katundu atafika kale, akudandaula kuti wilo likukana kulowa pa njinga. Ndinagwirapo ntchito yomanga mawilo m'sitolo ina ya njinga ku South Africa ndisanabwerere kumudzi, choncho ndilankhula monga munthu wa sipanala, za masamu a liwiro ndisiyira ena.

Mwayi wanu ndi wakuti mabuleki anu ndi a disc, ndipo ndichedwapo pang'ono pa mfundo imeneyi chifukwa ena amene awerenge kuno ali ndi njinga za mabuleki ogwira pa limu. Limu la kaboni ndi ulusi wa kaboni woumbidwa pamodzi ndi utomoni wapadera, ndipo utomoniwo umafewa ukatentha kwambiri. Aluminiyamu amamwaza kutentha msanga, koma kaboni amakusunga pamalo pomwe labala ya buleki ikukhudza. Tauni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, pamene nyanja yathu ya Malawi ili pa mamita osakwana 500, ndipo gawo lalikulu la kusiyana kumeneko munthu amalitsika pa makona a Khwekhwerere atafinya mabuleki. Pa mtsetse wotero limu la kaboni la mabuleki a labala lingatenthe mpaka khoma lake kufufuma, tayala n'kuvuka munthu ali pa liwiro, ndipo kukagwa mvula mabulekiwo sagwira msanga. Aliyense wa mabuleki a labala amene amatsikira ku Golomoti ndimamuuza mosapsatira kuti akhale pa aluminiyamu. Kwa inu kutentha konse kumathera pa disc, limu silikhudzidwa.

Musanayang'ane magalamu, gwadani pansi muyeze njinga yanu. Onani ngati mawilo amamangidwa ndi kachitsulo kowonda ka quick release kapena ndi ekiselo yonenepa ya thru-axle. Njinga zambiri za gravel za masiku ano zili ndi ekiselo ya mamilimita 12, mpata wa kutsogolo 100 ndi wa kumbuyo 142, koma zakalepo zilipo za quick release za 135 kumbuyo, ndiponso zina za ekiselo ya 15 kutsogolo. Mahabu abwino amalola kusintha tizitsekero ta m'mbali kuti agwirizane ndi felemu yanu, koma tizitsekeroto mutiitanitse limodzi ndi mawilo, chifukwa kuno mudzatisaka mpaka nsapato kutha. Pamene pamalowa magiya, potchedwa freehub, palinso mitundu yake. Magiya anu 11 a Shimano amafuna freehub ya HG, ndipo mukalakwitsa n'kusankha XDR ya SRAM, Micro Spline, kapena N3W ya Campagnolo, sadzalowa ngakhale mutawamenya ndi hamala. Ngati magiyawo ndi a 11-34 kapena 11-42 (manambalawa ndi mano a giya laling'ono ndi lalikulu), mudzafunikanso kamphete ka mamilimita 1.85 koika kumbuyo kwake kuti asamagwedere. Disc ya mabauti 6 imatha kukwera pa habu ya Centerlock, imene imamanga disc ndi mphete imodzi m'malo mwa mabauti, kudzera pa adaputa, koma disc ya Centerlock siikwera pa habu ya mabauti 6.

Tsopano ndibwere pa mawilo anu atatu aja. Oyamba a magalamu 1,150 ine ndikuwakana, osati chifukwa ndi oipa, koma chifukwa anapangidwira munthu wa mpikisano amene galimoto imamutsatira pambuyo itanyamula mawilo ena. Kuti wilo lipepuke chonchi, opanga amapyapyalitsa khoma la limu, amachepetsa masipoko, ndipo amaika habu yaing'ono ya mabelingi aang'ono. Masipoko a kaboni ndi olimba akamakokedwa, koma mwala kapena kamtengo kakawamenya cham'mbali amatha kuthetheka, ndipo kampani iliyonse ili ndi kapangidwe kake, moti sipoko ya wina siilowa pa wilo la mnzake. Ikadzaduka imodzi muli m'nkhalango ya Chongoni, njinga idzagona masabata angapo mukudikira phukusi. Wilo la masipoko 24 achitsulo, makamaka aja okhota kumutu ngati chilembo cha J, ikaduka imodzi ndimamasula pang'ono yoyandikana nayo, munthu n'kufika kwawo akupalasa, mawa lake n'kuikapo ina ya utali wofanana. Sapim CX-Ray ndi DT Swiss Aerolite ndi masipoko achitsulo aphanthiphanthi amene amapepuka mokwanira, ndipo ogulitsa ambiri amalola kusankha amenewa.

Timanati tomangira masipoko tikhale ta mkuwa, ndipo tizionekera kunja kwa limu. Ta aluminiyamu timapepuka, koma tikakhudzana ndi kaboni pali chinyezi timadyeka pang'onopang'ono, ndipo ndi mvula komanso nkhungu ya kwanu ku Bembeke, pakatha zaka zingapo timaphwanyika ngati chigumu sipanala ikangotigwira. Kusiyana kwake pa mawilo awiri ndi magalamu 30 kapena kuposerapo pang'ono basi. Timanati tobisika m'kati mwa limu n'tokongola, koma nthawi iliyonse yowongola wilo muyenera kuvula tayala ndi kumatula tepi.

Pa habu funsani nambala za mabelingi. Akakuuzani nambala zodziwika monga 6902, 6802 kapena 6903, dziwani kuti ogulitsa mabelingi a makina wamba amazidziwa, ndipo simudzadalira kampani ya mawiloyo yokha. Musawonjezere ndalama pa mabelingi a ceramic, chifukwa fumbi la mu Okutobala silisankha. Ine ndimakonda mahabu a timphete tiwiri ta mano tolumana, monga DT Swiss 350 ndi ena ambiri opangidwa mofanana nayo, popeza amatseguka ndi manja okha, munthu n'kupukuta, kupaka girisi wochepa ndi kutseka pa mphindi zowerengeka.

Za hookless ndinena mwachidule kuti ine sindikanagula. Limu wamba lili ndi kamlomo kopindikira m'kati kamene kamagwira mkombero wa tayala, pamene la hookless khoma lake ndi loongoka, ndipo limafuna matayala ake ovomerezeka ndi mpweya woyezedwa. Kuno kwathu, kumene munthu amapopa mpaka tayala kulimba ngati mwala, zimenezo zimandiopsa.

Mphunzitsi wa sayansi wa ku Linthipe:

Bambo a ku Bembeke, ndikuganiza kuti ndinu amene ndimakuonani m'mawa mukutembenukira pafupi ndi mlatho. A makaniko asiyira ena masamu, ndiye ndilole ndiwatole, chifukwa ndi amene akuyankha funso lanu lenileni.

Pa mtunda wautali, mwendo umakweza zonse pamodzi: inuyo, njinga, madzi, pampu ndi zovala. Tiyerekeze kuti inu ndinu makilogalamu 70, njinga 11, ndipo zotsalazo 2, zonse pamodzi 83. Mukachoka pa mawilo a magalamu 1,900 kupita pa a 1,400, mwachotsa magalamu 500, amene ndi 0.6 peresenti ya katundu yense. Pa mtunda woimirira, pamene liwiro ndi lochepa ndipo mphamvu yambiri ikuthera pa kukwera, nthawi imatsika mofanana ndi kulemera, kutanthauza masekondi pafupifupi 22 pa ola lililonse lokwera. Kusiyana kwa mawilo a 1,400 ndi a 1,150 aja ndi magalamu 250, theka la botolo laling'ono la madzi, ndipo pa ola limodzi mupindula masekondi 11 okha. Munthu wa pa kaliyala amene mumamumva pa makona a kumtunda sadzatsika chifukwa cha masekondi 11.

Ena amati galamu ya pa limu imawerengedwa kawiri poti imazungulira. Mawuwa ndi oona pa nthawi yokhayo imene mukuwonjezera liwiro, monga ponyamuka kapena potuluka pa kona, ndipo n'chifukwa chake mawilo opepuka amamveka okoma pa mapalaso oyamba. Liwiro likakhazikika, galamu ya pa limu ndi yofanana ndi ya m'thumba. Kukomako sindikukunyoza, chifukwa njinga imene ikukoma ndi imene munthu amadzukira m'mawa, koma musakuyese liwiro.

Pa malo athyathyathya mdani wamkulu ndi mpweya umene mukuugawa, ndipo mphamvu yolimbana nawo imakwera mofulumira kwambiri: kuti liwiro liwirikize kawiri, mphamvu yogonjetsera mpweya iyenera kuwirikiza kasanu n'katatu. Apa ndi pamene limu lakuya limathandiza, koma limathandiza ngati tayala silinatambalale kuposa limulo. Josh Poertner, amene anali katswiri wa kampani yopanga mawilo ya Zipp, ndi amene anatchukitsa lamulo lakuti kunja kwa limu kukhale kotambalala osachepera 105 peresenti ya tayala. Mukaika tayala la mamilimita 40 la mapazi okanda pa limu lakuya 50 lija, mpweya umasokonekera pa tayala usanafike n'komwe pa limu, ndipo phindu lalikulu latha. Onjezanipo kuti pa mamita 1,600 mpweya ndi wopepuka ndi pafupifupi 15 peresenti poyerekeza ndi wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, kumene manambala a otsatsa malonda amawerengedwera, ndiye phindu la limu lakuya kuno limacheperako.

Chimene sichichepa ndi mphepo ya cham'mbali. Kuyambira mu Juni mpaka mu Ogasiti mwera umawomba pa zitunda zopanda mitengo za pakati pa Bembeke ndi Lizulu, ndipo lole ikamakudutsani pa M1 imayamba yakukankhani kenako n'kukukokani. Limu lakuya kutsogolo limagwira mphepo imeneyo n'kupotoza chiwongolero, ndipo munthu wa makilogalamu 70 amaimva kwambiri, pamene m'mphepete mwa phula lathu m'malo ambiri ndi modyeka, mopanda pothawira. Ine ndingakhale pakati pa mamilimita 35 ndi 40.

Mayi wa ku Mlangeni:

Achimwene, ndikugwirizana ndi aphunzitsi pa kuya kwa limu, koma pa hookless ndisiyana pang'ono ndi a makaniko, ndipo ndiyamba ndi zimene zinandionekera ine.

Mawilo anga oyamba a kaboni ndinawasankha chifukwa cha nambala ya magalamu, monga mmene inu mukufunira kuchitira. Anali okongola, koma chikomekome cha mkuyu. Miyezi isanu isanathe, ndikutsika pa msewu wina wamiyala cha ku Tsangano, wilo lakumbuyo linagunda mwala wosongoka, ndinamva kuti thwa, ndipo khoma la limu linang'aluka ngati nsungwi. Limu la aluminiyamu likanangobonyoka, a makaniko n'kuliwongola ndi sipanala, koma kaboni sapindika, amapirira mpaka pamene wathyokera. Ogulitsa aja anavomera kundipatsa limu lina pa mtengo wotsika, komabe ndalama yotumizira, msonkho ndi kumangitsanso wilo zinandidyera zambiri, ndipo ndinakhala miyezi itatu ndikupalasa pa mawilo akale. Choncho musanagule, funsani molemba kuti limu likasweka pa ngozi amachita bwanji kwa munthu wokhala ku Malawi, ndipo funsaninso kunenepa kwa khoma la limu pamene pamakhala tayala. Khoma lonenepa limapirira mwala, komanso silidula tayala msanga likapanikizika.

Nambala imene ndikuona kuti ndi yofunika koposa pa zonse mwalemba ndi kutambalala kwa m'kati. Tayala la 40 pa limu la m'kati 21 limalowa ndithu, koma limakhala ngati babu, ndipo mukachepetsa mpweya kuti muyende bwino pa miyala, limapindikira m'mbali pa makona. Pa 23 mpaka 25 limakhala bwino, ndipo la 32 lija nalonso limakwanira popanda vuto. Pa mfundo imeneyi yokha mawilo oyamba mwa atatu anu aja agwa kale.

Hookless si chinthu choopsa ngati munthu akutsata malamulo ake awiri. Bungwe la ETRTO, limene limaika miyezo ya matayala ndi malimu ku Ulaya, linati mpweya pa limu lotere usapitirire mabar 5, amene ndi 72.5 psi, ndiponso kuti pa limu la m'kati 25 tayala lisachepere mamilimita 29. Nkhani imene inaopsa anthu ambiri ndi ya Thomas De Gendt wa ku Belgium, amene anagwa pa mpikisano wa UAE Tour mu Febuluwale 2024 tayala lake litavuka. Tayalalo linali la 28 pa limu la m'kati 25, ndipo opanga limu ndi tayala ananena kuti wilo linagunda chinthu pamsewu. Inu ndi matayala a 32 ndi 40 muli kutali ndi malire amenewo, chifukwa pa kulemera kwanu la 32 limafuna cha m'ma 50 mpaka 55 psi, ndipo la 40 m'fumbi limafuna cha m'ma 30 mpaka 35. Ambiri mwa ife tinakula tikudziwa kuti tayala lolimba ndilo lothamanga, koma pa phula lokakala ngati lathu tayala lolimbitsitsa limangodumphadumpha, mphamvu n'kumathera m'kugwedezeka. Pampu yokhala ndi geji muigule limodzi ndi mawilo, kaya musankha mtundu uti.

Pamene ndikuvomereza a makaniko ndi pa kupezeka kwa matayala. Limu la hookless limafuna tayala lovomerezeka la tubeless, lopangidwa kuti liziyenda popanda chubu, ngakhale mutaika chubu m'kati, choncho tayala likang'ambika simungangotola lililonse la 700c pa kaunjika. Limu la kamlomo limalandira onse, a tubeless ndi wamba omwe. Ndipo musadzanamizidwe ndi nambala 28 pa matayala a njinga zakabaza: amenewo ndi a 28 x 1½, a mkombero wa mamilimita 635, pamene 700c ndi 622, ndiye salowa. Ine ndili pa hookless chifukwa ndimasunga matayala awiri apadera m'nyumba. Amene sangathe kutero atenge la kamlomo.

Tubeless yokhayo musaizengereze, makamaka poti mumatsikira kuchigwa kumene kuli minga. Uzani msuweni wanu akutengereni botolo lalikulu la sealant (madzi othira m'tayala otseka timabowo), tepi ya limu yapadera ndi mavavu awiri. Tayala la 40 limamwa mamililita pafupifupi 60, ndipo nyengo yotentha madziwo amauma pakatha miyezi iwiri kapena itatu. Koma dziwani kuti kusinthasintha matayala a tubeless sabata iliyonse ndi ntchito yonyansa ndi yotopetsa. Mawilo akale aja musawagulitse. Ikanipo matayala a 40 a m'fumbi loopsa, a kaboni akhale ndi tayala la 32 kapena 35 limene lingayende pa phula ndi pa fumbi losalala, ndipo kusintha kudzakhala kwa mphindi zisanu.

Wopuma pantchito wa pa boma la Ntcheu:

Mwana wanga, ine ndapalasa zaka zambiri ndipo ndilibe wilo la kaboni ngakhale limodzi, choncho mawu anga muwayeze podziwa zimenezo. Zonsezi zimagulidwa ndi madola kapena marandi, ndipo chichokereni pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene mumauona pa foni umasanduka phiri ukafika m'thumba. Mawilo abwino a aluminiyamu a magalamu cha m'ma 1,600 alipo, ndipo mtengo wake nthawi zambiri umatsika kwambiri poyerekeza ndi wa kaboni wa dzina. Malinga ndi masamu a aphunzitsi aja, kuchoka pa 1,900 kufika pa 1,600 kwakupatsani kale gawo lalikulu la phindu, ndipo ndalama yotsalayo ingagule matayala abwino, amene kwa ine amasintha mayendedwe a njinga kuposa limu. Tayala louma lotchipa pa limu la kaboni lili ngati suti yovalira nkhwaira.

Ngati mtima wakhazikika pa kaboni, sindikuletsani. Mawilo ambiri otsika mtengo amachokera m'mafakitale a ku Xiamen ku China, ndipo mwa iwo muli makampani odziwika amene ali ndi dzina loti aliteteze, mulinso ogulitsa opanda adiresi amene amangomata zilembo za ena. Mawu akuti Toray T700 kapena T800 amangotchula mtundu wa ulusi wochokera ku kampani ya ku Japan, satsimikiza kuti woumba limu anaumba bwino. Onaninso malire a kulemera amene alemba, muwerengere inuyo, njinga ndi katundu.

Msuweni wanuyo ngati akubwera pa basi, amuuze kondakitala kuti bokosi la mawilo lisakhale pansi pa mafiriji ndi masaka, ndipo asunge lisiti lenileni, chifukwa pa chipata cha Dedza a MRA adzafuna kuona mtengo wake. Msonkhowo muufunsiretu ndi kuuwerengera mu bajeti tsopano lino.

Wopalasa wa ku Bembeke:

Zikomo kwambiri nonse, makamaka aphunzitsi, ngakhale masekondi 11 aja andiwawa mumtima. Ndagwada pansi monga a makaniko ananenera, ndipo ndapeza kuti ekiselo ndi ya 12 kutsogolo ndi kumbuyo komwe, 100 ndi 142, madisc ndi a mabauti 6, ndipo magiya ndi a 11-34, ndiye kamphete kaja kakundikhudza. Mawilo onse atatu ndawasiya. Ndalembera ogulitsa achiwiri aja ndipo ati angandimangire limu lakuya 38, m'kati 24, la kamlomo, masipoko 24 achitsulo ndi timanati ta mkuwa, zonse pamodzi magalamu pafupifupi 1,420. Bambo a ku Ntcheu andikhululukire, mtima wakana kubwerera ku aluminiyamu, koma za matayala ndamva, ndipo mawilo akale ndiwasunga monga mayi alangizira. Chatsala n'chakuti, bokosi likadzafika, ndidzaone chiyani ndisanakwere?

Makaniko wa pa Lizulu:

Achimwene, pemphani kuti m'bokosimo aikemo masipoko apadera, awiri pa utali uliwonse, chifukwa pa mawilo a disc mbali ziwiri za wilo nthawi zambiri zimasiyana utali, ndipo alembe manambalawo pa pepala. Bokosi likafika mulijambule musanalitsegule ngati labonyoka pena pake. Kenako tengani wilo lililonse mupite nalo padzuwa, muyendetse chala m'khoma lonse la limu ndi pa boo lililonse la sipoko, kufunafuna mng'alu, potupa kapena pofewa. Gogodani limu mopepuka ndi ndalama yachitsulo kuzungulira ponse: pabwino pamalira mofanana, pamene ulusi wasiyana pamalira mogontha. Njira imeneyi siigwira zonse, koma ndi imene mudzaigwiritsenso ntchito tsiku lililonse limene mwagunda dzenje mwamphamvu, ndipo mukadzaona mng'alu musadzakwerenso wilolo ngakhale likuoneka loongoka.

Zungulitsani wilo pa njinga muone ngati likuyenda mosagwedera, ndipo finyani masipoko awiriawiri kuti mumve ngati a mbali imodzi akokedwa mofanana. Povala tayala gwiritsani ntchito tizida tovalira tayala ta pulasitiki tokha, supuni ndi sikuludiraiva za pa kabaza zisayandikire limu limeneli, ndipo mkombero wa tayala muziukankhira m'ngalande ya pakati pa limu kuti ulowe mosavuta. Disc ikakhuza buleki mutasintha mawilo musadabwe, mahabu amasiyana pang'ono, ndipo timawashala topyapyala kumbuyo kwa disc timathetsa zimenezo kuti mawilo akale ndi atsopano azisinthana popanda kusuntha buleki. Ulendo woyamba usakhale wa Khwekhwerere. Yendani kaye makilomita 200 kapena 300 pa M1 kuti masipoko akhazikike, kenako mubwere nawo kuno ku Lizulu ndidzawakokenso, koma musankhe tsiku limene si la msika, chifukwa tsiku la msika pakhomo panga pamadzaza njinga za kabichi ndi mbatata.